Dzenje m'chivundikiro cha riyakita ya Davis-Besse: mmene ntchito yozengerezedwa inadyetsera chitsulo cha masentimita 17

Ntchito yanga ndi yoyendera ndi kukonza maboila ndi matanki a presha m'mafakitale a kuno ku Blantyre, makamaka ku Makata, ku Chirimba ndi ku Ginnery Corner. Dziko lathu lilibe siteshoni ya magetsi a nyukiliya, pakuti magetsi athu ambiri amachokera pa mtsinje wa Shire, ku Nkula, ku Tedzani ndi ku Kapichira. Komabe tili ndi lamulo la Atomic Energy Act la 2011 ndi bungwe loyang'anira zipangizo zotulutsa cheza choopsa, tili ndi yureniyamu ku Kayelekera m'boma la Karonga, ndipo achinyamata ena amene akuphunzira uinjiniya ku Chichiri adzagwira ntchito pansi pa malamulo otere. Nkhani imene ndikulemba inachitikira ku Ohio m'dziko la America, ndipo ndaisankha chifukwa malipoti a boma anaifukula mpaka pansi, komanso chifukwa zolakwa zake ndi zomwezo zimene ndimakumana nazo pa boila ya fakitale. Anthu amene anakhudzidwa sindiwatchula maina, ndingotchula maudindo awo.

Siteshoni ya Davis-Besse ili pafupi ndi tawuni ya Oak Harbor m'mphepete mwa nyanja ya Erie. Inayamba kugulitsa magetsi mu 1978, imatulutsa pafupifupi mamegawati 900, ndipo pa nthawi ya nkhaniyi inkayendetsedwa ndi kampani ya FirstEnergy pansi pa laisensi ya bungwe la boma la Nuclear Regulatory Commission, lomwe mwachidule amati NRC. Riyakita yake, yopangidwa ndi kampani ya Babcock & Wilcox, ndi mphika waukulu wachitsulo momwe madzi amatentha kupitirira madigiri 300 koma osawira, chifukwa amapanikizidwa ndi presha ya ma bar pafupifupi 150 (bar ndi muyeso wa presha). Maboila ambiri amene ndimayendera amayenda pa ma bar 10 kapena kupitirira pang'ono. M'madzi a riyakita amasungunulamo dala asidi wa boroni, popeza boroni amameza ma neutron, tizidutswa ta atomu timene timaswa yureniyamu kuti itulutse kutentha, ndipo amathandiza kuwongolera mphamvu ya riyakita. Asidi ameneyu sachita kanthu pa chitsulo chosachita dzimbiri, koma chitsulo wamba amachidya akakhala wonyowa, wokhathamira ndiponso pamalo pofika mpweya.

Chivundikiro cha mphikawo chinali cha chitsulo wamba cholimba, chokhuthala pafupifupi masentimita 17, ndipo mkati mwake anamatamo kansalu ka chitsulo chosachita dzimbiri kosakwana sentimita imodzi. Ntchito ya kansaluko inali kutchinga kuti madzi asakhudze chitsulo wamba, ndipo sikanapangidwe kuti kanyamule presha. Pa chivundikirocho panabooledwa mabowo 69, ndipo m'bowo lililonse munalowa paipi yaifupi imene mainjiniya amaitcha nozzle, yomwe ndi njira ya makina oyendetsa ndodo zowongolera riyakita. Ma nozzle amenewa anali a chitsulo chosakaniza cha Alloy 600, chimene chimayamba ming'alu pang'onopang'ono chikakhalitsa m'madzi otentha chili chokokeka. Kutentha kukakwera ming'alu imafulumira, ndipo chivundikiro cha Davis-Besse chinali m'gulu la zotentha kwambiri m'dzikolo.

Palibe mwa zoopsa ziwirizi chimene chinali chachilendo. Mu 1988 bungwe la NRC linalembera masiteshoni onse a mtundu umenewu kalata ya Generic Letter 88-05, yowauza kuti akhazikitse ndondomeko yofufuza ndi kuchotsa asidi wa boroni paliponse pamene wadonthera. Mu 1991 ku France anapeza nozzle yong'aluka pa riyakita ya Bugey 3, ndipo kampani ya magetsi ya dzikolo inasankha njira yodula yosintha zivundikiro. Ku America makampani anatsimikizira boma kuti mng'alu ukayamba kudontha, adzauona ndi maso chifukwa cha chipere choyera cha asidi chimene chimatsala madzi akauma, ndiponso kuti pa chitsulo chotentha chonchi asidiyo amauma msanga moti sangadye chitsulo mwachangu. Chitetezo chonse chinatsamira pa chinthu chimodzi, chakuti munthu aziona chivundikiro chonse chili choyera nthawi iliyonse imene siteshoni yazimitsidwa.

Ku Davis-Besse kuona chivundikiro chonse kunali kosatheka. Pamwamba pake panali chimango chachitsulo chonyamula makina, ndi chofunda chotchinga kutentha chimene pakati penipeni chinkasiya mpata wa masentimita pafupifupi 5 okha. Njira yoonera mkati inali timabowo ta m'munsi mwa chimangocho, timene ogwira ntchito ankatitcha mauna a mbewa. Munthu ankalowetsamo kamera yomangirira kunsonga kwa ndodo, ndipo popeza chivundikirocho ndi chobulungira ngati chipanda chovundikira, kamerayo inkaona bwino m'mbali koma pachulu, pomwe panali ma nozzle a pakati, sinkafika. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990 mainjiniya a pa siteshoniyo anapempha kuti aboole mazenera aakulu m'chimangocho, monga anachitira masiteshoni ena a mtundu womwewo. Pempho loyamba linafafanizidwa, koma lachiwiri, la mu 1994, silinakanidwe. Linkangosunthidwa kupita ku nthawi ina yozimitsa, kenaka inanso, mpaka 2002 inakwana mazenera asanabooledwe. Pamenepa ndi pamene nkhaniyi inapotokera koyamba, ndipo ine ndimaona kuti ndi pofunika kuposa pena paliponse. Ntchito yokanidwa imasiya munthu wokwiya amene angaibweretsenso pa msonkhano, pomwe ntchito yosunthidwa imaoneka ngati ili m'njira, ndipo aliyense amakhala chete poganiza kuti tsiku lake likubwera.

Siteshoniyo inkazimitsidwa zaka ziwiri zilizonse kuti asinthe yureniyamu. Mu 1996, mu 1998 ndi mu 2000 anapeza asidi wouma pa chivundikiro, ndipo ulendo uliwonse anachotsa amene anamufikira n'kusiya wa pachulu. Chifukwa chake chinali chokonzeka kale. Pamwamba pa chofunda panali ma flange, malo omangidwa ndi mabawuti olumikizira makina a ndodo, amene anali ndi mbiri yodontha, choncho asidi aliyense wopezeka m'munsi ankati wachokera kumeneko. Mfundoyi inali yoona pa chiyambi, n'chifukwa chake inavuta kuitsutsa. Koma maonekedwe a asidiyo ankasintha. Poyamba anali woyera ndi wofumbutuka, kenaka anakhala wofiirira, ndipo mu April 2000 anali wolimba ngati mwala moti anachita kumugwedula ndi zitsulo. Chithunzi chimene chinajambulidwa chaka chimenecho, chomwe pambuyo pake chinafala kwambiri, chikusonyeza matope ofiira atatsika kuchokera m'mauna a mbewa aja n'kuuma m'mphepete mwa chivundikiro. Asidi wa boroni ndi woyera, ndipo kuti afiire ayenera kukhala atadya chitsulo wamba penapake. Pamalo amenewo chitsulo wamba chachikulu chinali chivundikiro chenichenicho. Ngakhale zinali choncho, siteshoni inayatsidwanso, ndipo zolembedwa za ntchitoyo zinapereka chithunzi chakuti chivundikiro chatsukidwa.

Zizindikiro zina zinkabwera siteshoni ili mkati moyenda. M'nyumba ya konkire yokuta riyakita muli makina oyeza cheza mu mpweya, amene amakoka mpweyawo kudzera m'masefa. Masefa amenewa ankasinthidwa pafupifupi kamodzi pa mwezi, koma kuyambira mu 1999 anayamba kutsekeka msanga mpaka kufika posinthidwa tsiku lililonse kapena pakapita masiku awiri. Fumbi lake linatumizidwa ku labotale, ndipo yankho linabwera lakuti linali dzimbiri la chitsulo. Makina oziziritsa mpweya m'nyumbamo nawonso ankatsekeka ndi asidi, ndipo ankatsukidwa mobwerezabwereza. Zimene anachita akuluakulu a siteshoni ndi kuika kusintha masefa ndi kutsuka makinawo pa ndandanda ya ntchito za masiku onse. Ntchitozo zinkagwiridwa mokhulupirika ndi pa nthawi yake, ndipo kukhulupirika kumeneku ndi kumene kunabisa vuto, chifukwa sefa likasinthidwa, geji imabwerera pamalo pake ndipo fomu imatsekedwa. Palibe amene anapatsidwa udindo wokhala pansi ndi kufunsa kuti dzimbiri lochuluka chonchi likuchokera kuti m'nyumba imene mapaipi ake a madzi a riyakita sayenera kuchita dzimbiri.

Zimenezi ndinazionapo pa fakitale ina ya kuno, imene sindiitchula dzina. Pansi pa valavu yotaya nthunzi presha ikakwera ndinapeza chipere choyera chokhala ndi mizere yofiirira, chitatsikira m'chofunda cha boila. Bambo wachikulire amene ankayang'anira boilayo anandiyankha mwaulemu kuti, "Achimwene, zimenezo ndi za kalekale, timangopukuta Lachisanu lililonse." Nditawafunsa kuti kale ankapukuta kangati, anakhala kaye chete, kenaka anati, "Kale tinkatha mwezi osapukuta." Titang'amba chofundacho tinapeza mabawuti awiri a flange atadyeka mpaka kutsala ngati pensulo. Bambowo sananame, ndipo sanali aulesi. Chimene chinasowa ndi buku lolembamo kuti ntchito ya pamwezi yasanduka ya pasabata.

Mbali ya boma inayamba kuonekera mu 2001. Kumayambiriro kwa chakacho, pa siteshoni ya Oconee ku South Carolina, imenenso ndi ya Babcock & Wilcox, anapeza ming'alu yoyenda mozungulira nozzle. Mng'alu wotere ndi woopsa kuposa woyenda m'litali, chifukwa ukamaliza kuzungulira, presha ikhoza kuzula nozzle yonse ndi kusiya bowo lotayira madzi oziziritsa riyakita. Mu August 2001 bungwe la NRC linatulutsa Bulletin 2001-01, kufunsa masiteshoni omwe anali pa chiopsezo chachikulu kuti ayendere ma nozzle awo pofika pa 31 December 2001. Davis-Besse inali m'gulu limeneli, koma eni ake anapempha kuti apitirize kuyenda mpaka kumapeto kwa March 2002, pomwe anali atakonza kale zozimitsa. Pochirikiza pempholo anapereka makalata onena za kuyendera kwa 1996, 1998 ndi 2000, ndipo makalatawo anakuza kwambiri gawo la chivundikiro limene linaonedwadi. Akatswiri a NRC anafika polemba lamulo lokakamiza siteshoni kuzimitsa, koma lamulolo silinatulutsidwe. M'malo mwake anagwirizana tsiku la 16 February 2002, limene lili pafupifupi pakati penipeni pa tsiku la boma ndi tsiku la kampani, ndipo kampani inalonjeza njira zina zochepetsera ngozi, monga kutsitsa pang'ono kutentha kwa madzi.

Anthu ambiri akamakamba nkhaniyi amaima pa masiku 47 owonjezerawo, koma ine ndimaona mosiyana pang'ono. Dzenje silinakumbike m'masiku 47, linatenga zaka. Cholakwa cha bungwe loyang'anira chinali chakuti linapanga chigamulo potsamira pa mawu a woyang'aniridwa, pa nkhani imene maso akanatha kuithetsa. Akuluakulu amati kandimverere anakanena za m'maluwa, ndipo apa boma linadalira lipoti la anthu amene nawonso pachulu sanafikepo. Komanso tsiku logwera pakati pa zofuna ziwiri limasonyeza kuti linapezeka mwa kunenerera, pomwe mng'alu suyendera mgwirizano wa anthu. Lipoti la mkulu wofufuza ntchito za NRC, lotuluka kumapeto kwa 2002, linapeza kuti bungwelo linaganizira kwambiri za ndalama zimene kampani ikanataya. Panalinso vuto lina losaoneka msanga. Popeza Davis-Besse inkawerengedwa ngati siteshoni yoyenda bwino, maso a oyendera ankapita kwambiri ku masiteshoni ovuta a m'chigawocho, ndipo oyendera a boma okhala pa siteshonipo, ngakhale ankadziwa za masefa ndi za asidi, sanalumikize zizindikirozo kukhala nkhani imodzi. Mbali zonse ziwiri zinkakangana za nozzle yozuka, ndipo panalibe amene ankaganiza kuti chivundikiro chenichenicho chikhoza kukhala chitabooka.

Siteshoni inazimitsidwa pa 16 February 2002. Makina oyeza ming'alu ndi mafunde a mawu anapeza ming'alu m'ma nozzle asanu, ndipo atatu mwa iwo, a nambala 1, 2 ndi 3, onse a pachulu, anali ong'aluka mpaka kubooka. Kumayambiriro kwa March, amisiri ali mkati mopala nozzle ya nambala 3 kuti aikonze, nozzle ija inapendekeka. Paipi yolowa mothina m'chitsulo chokhuthala masentimita 17 siyenera kugwedezeka ngakhale pang'ono. Ataichotsa ndi kutsuka malowo anapeza mphako yaikulu ngati chinanazi, yoyambira pamwamba pa chivundikiro mpaka kukafika pa kansalu ka mkati. Chitsulo cholemera pafupifupi makilogalamu 30 chinali chitasungunuka, ndipo chimenecho ndicho dzimbiri lija linkatseka masefa. Kansalu kosakwana sentimita imodzi ndi kamene kanatsala kakugwira presha ya ma bar 150, ndipo kanali katatukukira kunja ndi kuyamba mng'alu. Kafukufuku wa pambuyo pake anasonyeza kuti nthawi imene inatsala kuti kaphulike inali yowerengeka m'miyezi.

Mfundo ija yakuti asidi amauma pa chitsulo chotentha inalephera motere. Kudontha kukakhala kochepa madzi amaphweradi nthawi yomweyo, koma mng'alu utakula madzi anayamba kutuluka ochuluka moti ankaziziritsa malo ozungulira nozzle, ndipo malowo anakhala onyowa nthawi zonse. Madzi akamaphwera asidi ankatsala wokhathamira kwambiri, mpweya unkafikapo, ndipo mulu wa asidi wakale unkaphimba zonse. Pa malo otere chitsulo wamba chimatha masentimita angapo pa chaka, ndipo zoyesa za m'malabotale zinali zitasonyeza kale zimenezi zaka zingapo m'mbuyomo.

Kufufuza kutakula kunavumbula chinthu chimene chimandiopsa kuposa dzenjelo. Kansalu kaja kakanaphulika, madzi akanatayikira m'nyumba ya konkire, ndipo chitetezo chikanadalira mapampu a mwadzidzidzi, amene amayamba ndi madzi a m'thanki kenaka n'kumakoka madzi otayikawo kuchokera m'chitsime cha pansi pa nyumbayo kubwezera mu riyakita. Anapeza kuti sefa la chitsimecho linali laling'ono moti likanatha kutsekeka ndi zidutswa za chofunda ndi penti yomatuka, ndiponso kuti mapampu a presha yaikulu akanatha kuonongeka ndi tizinyalala todutsa m'sefalo. Kampani powerengera ngozi mu 2001 inkatsamira pa mapampu amenewa, kunena kuti ngakhale nozzle itazuka madzi adzabwezeredwa. Chotero chilolezo chochedwetsa kuyendera chida chimodzi chinapachikidwa pa chida china chimene nachonso chinali chisanatsimikizidwe mokwanira. Anzanga a ntchito, kawerengedwe kameneka timakachita kawirikawiri, pamene tikuti geji yokayikitsa idikire chifukwa valavu ilipo, pomwe valavuyo sinayesedwe chaka chonse.

Nkhaniyi inaikidwa pa gawo 3 la sikelo ya INES yoyezera kukula kwa ngozi za nyukiliya, imene imafika pa 7. Palibe munthu anavulala ndipo cheza sichinatulukire kunja. Kampani inagula chivundikiro chosagwirapo ntchito kuchokera ku siteshoni ya Midland ku Michigan, imene inasiyidwa isanathe kumangidwa, ndipo anachita kuboola khoma la konkire kuti achilowetse. Sefa la chitsime linasinthidwa ndi lalikulu kwambiri, mapampu anakonzedwa, ndipo akuluakulu ambiri a siteshoni anachotsedwa. Lipoti la kampani yomwe linavomereza kuti utsogoleri unaika kutulutsa magetsi patsogolo pa chitetezo. Siteshoni inaloledwa kuyakanso mu March 2004, itakhala zaka ziwiri osagulitsa magetsi, ndipo ndalama zonse zimene zinapita zinaposa madola 600 miliyoni. Mu 2005 NRC inalamula chindapusa cha madola 5.45 miliyoni, chachikulu kuposa china chilichonse chimene inalamulapo kufika nthawiyo, ndipo mu 2006 kampani inavomera kulipira madola 28 miliyoni pa nkhani yopereka mauthenga abodza ku boma. Mainjiniya awiri anapezeka olakwa m'khoti. Ine sindiwaikira kumbuyo, chifukwa amene wasaina kuti waona malo amene sanawaone ayenera kuyankha, koma ndimakumbukira kuti osuntha pempho la mazenera kwa zaka zambiri anali anthu ambiri, ndipo siginecha imene inafika kukhoti inali ya anthu a m'munsi.

Bungwe la NRC nalo linadzifufuza, ndipo gulu lake linapereka malangizo 51 mu 2002. Mu February 2003 linatulutsa lamulo lokakamiza masiteshoni onse a mtundu umenewu kuona chitsulo chenicheni cha chivundikiro mozungulira nozzle iliyonse, ndi kuyeza ma nozzle ndi makina pa nthawi zoikika molingana ndi kutentha ndi zaka za siteshoni. Kuchokera pa nkhaniyi ndinasintha fomu imene ndimagwiritsa ntchito poyendera maboila. Ndinawonjezera mzere wolembapo malo amene sindinathe kuwaona ndi chifukwa chake, ndi mzere wina wosonyeza kuti ntchito iliyonse yotsala yasunthidwa kangati. Mameneja ena sakondwera nawo mzere wachiwiriwu, chifukwa nambala 4 ikaoneka pambali pa ntchito ya valavu imavuta kuifotokoza kwa oyendera a ku Unduna wa Zantchito, ndipo ndaona ntchito zingapo zikugwiridwa msanga chifukwa cha manyazi a nambala imeneyo.

Chivundikiro cha ku Midland chinali ndi ma nozzle a Alloy 600 yemweyo. Mu 2010, pa kuyendera kotsatira malamulo atsopano aja, anapezanso ming'alu m'ma nozzle angapo, ndipo ena anali atayamba kudontha, patangotha zaka zisanu ndi chimodzi siteshoni itayakanso. Ulendo uno asidi anaoneka akadali wochepa pa chitsulo choyera, chivundikiro chisanadyeke mozama. Ma nozzle anakonzedwa, ndipo kampani inafulumizitsa tsiku losintha chivundikiro m'malo molisuntha. Kumapeto kwa 2011 anaika chivundikiro chachitatu, chokhala ndi ma nozzle a Alloy 690 amene sang'aluka msanga m'madzi otentha.